Luso Lojambula Zithunzi, Gawo 4: Ambulera Yosadziwa Mvula

Makolo athu amene anayamba kuona kapepala koonetsa nkhope ya munthu sanavutike ndi kufunafuna dzina lachilendo. Anangokatcha chithunzi, mawu amene anali nawo kale ponena kamdima kaja kamatsata munthu poyenda padzuwa. Dzinali analipereka mwanzeru kuposa m'mene ambiri a ife timaganizira, pakuti ntchito yonse ya wojambula yagona pa mithunzi: kumene ikugwera, kuda kwake, ndiponso ngati malire ake ndi akuthwa ngati mpeni kapena ndi otha pang'onopang'ono ngati utsi. M'gawo lapitali tinakamba za nyali zong'anima, zimene eni ntchitoyi amazitcha fulashi. Lero tione chipangizo chimene chimaikidwa patsogolo pa nyaliyo kuti kuwala kwake kufatse, ndicho ambulera, makamaka yaikulu ija yoti munthu wamkulu angathe kubisala kuseri kwake osaoneka ngakhale phewa.

Munthu wolowa koyamba m'situdiyo ya zithunzi amadabwa kupeza ambulera yotambasula m'nyumba yosadontha, ndipo ena amayesa n'chokongoletsera chabe. Chibale chake ndi ambulera yamvula n'chenicheni ndithu: kampani ya Westcott ya ku Ohio, m'dziko la America, imene lero ndi yodziwika ndi zipangizo za ojambula, inayamba ngati yosoka maambulera amvula. Koma ntchito za ziwirizi n'zosiyana kutalitali, ndipo mnyamata kapena mtsikana amene wasunga ndalama miyezi yambiri kuti atsekule situdiyo yake ayenera kudziwa chimene akugula. Masiku ano aliyense ali ndi kamera m'thumba, pa lamya ya m'manja. Ngati munthu alolera kuvala bwino, kukwera minibasi ndi kudzakulipirani, ndiye kuti akufuna chimene lamya yake singampatse, ndipo chinthucho, mosakayikira, ndi kuwala kokonzedwa bwino.

Lamulo limene lili pa phata pa nkhani yonseyi ndi limodzi lokha. Kuwala kochokera pa chinthu chachikulu kumapereka mithunzi yofewa, pamene kochokera pa chinthu chaching'ono kumapereka mithunzi yakuthwa. Komatu ukulu umene tikunena pano si woyeza ndi tepi ayi; ndi ukulu wa chinthucho monga momwe chikuonekera kwa munthu wojambulidwayo, pamalo pamene wakhala. Tengani dzuwa. Kutambalala kwake ndi makilomita pafupifupi 1,400,000, koma poti lili kutali makilomita 150 miliyoni, kumwamba limaoneka ngati kandalama kachitsulo koti chala chimodzi chingathe kubisa. N'chifukwa chake munthu akajambulidwa pabwalo masana a mwezi wa Okutobala, maso ake amalowa m'maenje akuda, pansi pa mphuno pamagwa chidontho chonga ndevu, ndipo chipumi chimawala ngati lata. Tsono ifike Juni kapena Julaye, chiperoni chikute Mulanje, Thyolo ndi Blantyre: mitambo imalandira kuwala kwa dzuwa lomwelo ndi kukumwaza, thambo lonse n'kusanduka nyali imodzi yaikulu, ndipo mithunzi yakuthwa ija imasoweratu.

Chifukwa chake n'chosavuta kuchimvetsa. Nyali ikakhala yaing'ono, kachigawo kalikonse ka nkhope kamakhala ndi mwayi uwiri wokha: kuiona nyaliyo kapena kusaiona, motero malire a kuwala ndi mdima amakhala mzere weniweni. Nyali ikakhala yotambalala, pamakhala malo ambiri pa tsaya amene akuona theka la nyaliyo, ena akuona kachidutswa chabe, ndipo mdima umabwera mwa pang'onopang'ono. Pano ndionjezepo mawu amodzi, kuopa kuti wina angaganize kuti chiperoni ndiye mapeto a ubwino. Kuwala kwa tsiku lamitambo kumachokera mbali zonse, choncho nkhope imaoneka yaphwatalala, yopanda mapiri ndi zigwa zake. Kumene wojambula amakufunafuna ndi kuwala kofewa koma kochokera mbali imodzi, konga kumene kumagwera munthu wokhala pakhonde kapena pafupi ndi zenera lalikulu.

Akatswiri akale ankakudziwa bwino kuwala kotereku. Seydou Keïta wa ku Bamako, m'dziko la Mali, amene anatsekula situdiyo yake m'chaka cha 1948, zithunzi zake zambiri ankajambulira pabwalo la nyumba yake ndi kuwala kwa masana, atapachika nsalu yamaluwa kumbuyo kwa ojambulidwa, ndipo lero zithunzizo zimaonetsedwa ku Paris ndi ku New York. Koma masana ali ndi malamulo awoawo: amatha, amasintha, ndipo mvula ikachita mdima ntchito yaima. Nyali yong'anima yamagetsi, imene Harold Edgerton wa pa Massachusetts Institute of Technology anaikonza m'chaka cha 1931, inamasula ojambula ku ukapolo wa nyengo, koma inabwera ndi vuto lake. Kagalasi kamene kamang'animako ndi kakang'ono ngati chala, ndiye kuti ndi kadzuwa kena ka mu Okutobala. Ambulera ndiyo njira yachangu ndi yotsika mtengo yosandutsira kadzuwa kameneko kukhala zenera.

Maambulera ojambulira ali a mitundu ingapo, ndipo kusiyana kwake kwagona pa nsalu. Mtundu woyamba ndi wa nsalu yoyera yopyapyala imene kuwala kumadutsa. Nyali imakhala m'kati, msana wa ambulera n'kuloza kwa wojambulidwa. Ubwino wake ndi woti mungathe kuisendeza pafupi kwambiri ndi nkhope popanda ndodo yake kubaya munthu, ndipo ndiyo yotsika mtengo pa onse. Kuipa kwake ndi koti si kuwala konse kumene kumadutsa. Gawo lalikulu limabwerera m'mbuyo, n'kukagunda zipupa ndi denga, kenaka n'kufika kwa wojambulidwa litatenga mtundu wa penti wa m'chipindamo. Masitudiyo athu ambiri ndi tizipinda tating'ono ta kuseri kwa masitolo, ndipo eni nyumba amakonda penti wobiriwira kapena wabuluu. Zotsatira zake ndi nkhope zooneka ngati za odwala, wojambula n'kumanamizira kamera kapena makina osindikizira. Wokhala m'chipinda chotere, asanagule kanthu kena kalikonse, ayambe wagula penti woyera kapena wotuwa.

Mtundu wachiwiri ndi woyera m'kati, wakuda kunja. Nyali imaloza m'kati mwa ambulera, kufulatira wojambulidwa, ndipo kuwala kumachita kubwerera. Nsalu yakudayo imaletsa kuwala kuthawira kumbuyo, motero wojambula amakhala ndi ulamuliro pa kumene kukupita. Wachitatu ndi wa siliva m'kati. Umenewu umabweza kuwala kochuluka kuposa woyera, ndipo kuwalako kumakhala kolimbirako: kumaonetsa bwino ulusi wa chitenje, mikanda, malukidwe a tsitsi, koma kumaonetsanso thukuta, ziphuphu ndi makwinya mopanda chisoni. Ulipo wina wa golide, umene sinditayapo nthawi yambiri. Umafiiritsa khungu mokoma nthawi zina, koma diresi loyera la mkwatibwi umalisandutsa lachikasu, ndipo zimenezo akuchikazi sangakukhululukireni. Alipo maambulera ena oyera okhala ndi chophimba chakuda chochotseka, oti amagwira ntchito ya mtundu woyamba ndi wachiwiri pamodzi, ndipo kwa woyamba kumene ntchito si chinthu choipa.

Tibwere tsono ku ukulu, pakuti apa ndi pamene ndalama zambiri zimatayikira. Kampani ya Profoto ya ku Stockholm imapanga maambulera a masentimita 85, 105, 130 ndi 165. Ya Paul C. Buff ya ku Nashville inatchuka ndi a mainchesi 51, 64 ndi 86, ndiwo masentimita pafupifupi 130, 163 ndi 218. Makampani ena amatsata misinkhu yofanana ndi imeneyi. Amene anamvetsera bwino m'kalasi ya masamu akumbukira kuti bwalo likatambalala kawiri, malo ake amakula kanayi. Ambulera ya masentimita 85 kukamwa kwake kumangopitirira pang'ono theka la sikweyamita, pamene ya 165 kumapitirira masikweyamita awiri. Yaing'onoyo imakwanira mutu ndi mapewa a munthu mmodzi. Munthu woimirira, woti aoneke kuyambira kumutu mpaka ku nsapato, kapena banja la anthu anayi kapena asanu, amafuna ya 130 kupita m'tsogolo, chifukwa yaing'ono imawalitsa nkhope n'kusiya miyendo mumdima.

Koma kodi yaikuluyo ilowa m'chipinda chanu? Funso ili ambiri amalifunsa katundu atafika kale. Tiyeni tiwerengere limodzi. Pojambula munthu woimirira, pakati pa ambulera payenera kukhala pamwamba pang'ono pa maso ake, tinene mamita awiri kuchokera pansi. Ambulera ya masentimita 165 imatuluka masentimita 82 mbali iliyonse kuchokera pakatipo, ndiye kuti nsonga yake yam'mwamba ifika cha pa mamita 2.8. Ngati siling'i yanu ili pa mamita 2.5, simungathe kuikweza pamene ikufunika, ndipo ikatsika imaunika munthu kuchokera m'munsi mwa chibwano, kuwala kumene kumaopsa ngati kwa munthu woweramira moto usiku. Chothandiza n'kukhazika wojambulidwa pampando, koma si onse amene amafuna kujambulidwa chokhala, makamaka ovala zatsopano. Muyezenso m'lifupi mwa chipinda, pakuti ambulera yakuya imadya malo kumbuyo ndi kutsogolo komwe. Maganizo anga ndi akuti m'kachipinda ka mamita atatu m'lifupi, ya 130 ndiyo malire. Ya 165 ndi yoposerapo ndi ya amene ali ndi chipinda chachikulu chenicheni kapena amene amajambula m'maholo a maukwati.

Chinanso n'chakuti ukulu wogula ndi ndalama umatha ndi mtunda. Ambulera ya masentimita 165 yoimikidwa mamita anayi kuchokera pa munthu imaoneka kwa iye yofanana ndi ya 85 yoimikidwa pa mamita awiri, ndipo mithunzi yake imakhala chimodzimodzi. Nthawi zambiri timaona ambulera yaikulu itakankhidwira pakona, kutali, kuti isatsekereze njira, mwini wake n'kumadandaula kuti anam'gulitsa chinthu chosagwira ntchito. Ngati mufuna kufewa kwake konse, iimikeni pa mtunda wofanana ndi kutambalala kwake, kapena kupitirira pang'ono.

Pa malonda a masiku ano mawu oti parabolic sasowa, ndipo ndi bwino kuwamvetsa. Ophunzira a ku sekondale amajambula parabola pa pepala la girafu mosadziwa kuti adzakumana nayo m'moyo, chonsecho ndiye maumbidwe a dishi ya kanema ndi a m'kati mwa nyali zakale za galimoto. Khalidwe lake ndi loti nyali ikaikidwa pa malo amodzi apadera m'kati mwake, kuwala konse kumatuluka molunjika kutsogolo, osamwazika. Zipangizo zotsata lamuloli kwenikweni zilipo: Briese wa ku Hamburg ndi Broncolor wa ku Switzerland amazipanga, ndipo za Broncolor zimayambira pa masentimita 88 mpaka 330. Zimenezi zili ndi ndodo yosendezera nyali m'kati ndi kunja, pakatikati penipeni, koma mtengo wake ndi madola zikwi zingapo. Maambulera otsika mtengo olembedwa dzina lomweli kwenikweni ndi maambulera akuya a nthiti 16 m'malo mwa 8, ndipo nyali yake imakhala pambali pa ndodo, osati pa malo apadera aja. Sindikunena kuti ndi achabe. Kuya kwawo kumathandiza kuti kuwala kusatayikire m'mbali, ndipo nthiti zambiri zimachititsa kukamwa kukhala kozungulira bwino. Ndikungoti musalipire ndalama zoonjezera chifukwa cha dzina.

Ambulera yaikulu imafuna nyali yoti iidzaze. Kafulashi kokweza pamwamba pa kamera kamaponya kuwala kutsogolo kokha, m'kanjira kopapatiza, ndipo mphamvu yake siifika ngakhale pa 100 Ws, pamene nyali za m'situdiyo zimakhala za 300 mpaka 600 Ws. Kakaikidwa m'ambulera ya masentimita 165, kamawalitsa chigamba cha pakati chokha, m'mbali monse muli mdima, ndiye kuti mwagula yaikulu koma mukugwiritsa ntchito yaing'ono. Nyali yoyenera ndi ya galasi lotulukira kunja, lomwaza kuwala mbali zonse. Ya Godox yotchedwa AD200, mwachitsanzo, ili ndi mitu iwiri yosinthanitsa, ndipo wa galasi loonekera ndiwo woyenera ambulera. Poti imayendera batire, magetsi akazima ntchito siima. Kuti mudziwe ngati ambulera yadzaza, imani pamene pakhale wojambulidwa, mutsitse kuwala kolowa m'kamera, mujambule ambulera yeniyeniyo nyali ikung'anima. Ngati pakati pokha ndi powala, kokerani nyali kunja pa ndodo. Ngati kuwala kukusefukira m'mbali n'kukagunda chipupa, ikankhireni m'kati pang'ono. Mukapeza malo abwino, ikanipo chizindikiro ndi kasoletepi.

Pali tinthu tiwiri tating'ono timene timaliza anthu oitanitsa katundu kunja. Koyamba ndi kunenepa kwa ndodo: maambulera ambiri ndodo yake ndi ya mamilimita 8, koma nyali zambiri za Elinchrom bowo lake ndi la mamilimita 7, motero ndodo wamba siilowa. Kachiwiri ndi magetsi. A kuno kwathu ndi a mavoti 230, pamene a ku America ndi a 120, ndipo nyali yopangidwira a 120 okha ikalumikizidwa pa khoma lathu imapsa nthawi yomweyo. Werengani kachikwangwani ka pa nyaliyo musanatumize ndalama.

Kukamwa kwa ambulera yobweza kuwala kungathe kuphimbidwa ndi nsalu yoyera yopyapyala yokhala ndi lasitiki m'mbali. Nsaluyi imafananitsa kuwala kuchokera pakati mpaka m'mphepete, ndipo imabisa nthiti ndi nyali zimene zikanaoneka m'diso la wojambulidwa ngati kangaude. Ambulera yotere imagwira ntchito pafupifupi ngati softbox yaikulu, chonsecho kuitambasula kumatenga mphindi imodzi. Ya Photek yotchedwa Softlighter inapangidwa mwa njira imeneyi, ndipo Annie Leibovitz, mayi wa ku America wojambula anthu otchuka, amadziwika kuti amaigwiritsa ntchito. Mtengo wa kufewaku ndi kuwala: nsaluyo imadya pafupifupi theka, choncho nyali yofooka imavutika. Wina atandifunsa chogula choyamba, ndingamuuze ambulera yakuya yoyera m'kati ya masentimita 130 pamodzi ndi nsalu yake yophimbira, yasiliva idzabwere pambuyo.

Poimika, yambani ndi kuiika pambali pa kamera, cha pa madigiri 45, mokwera pang'ono ndi moweramira kwa munthu. Mukatero mbali imodzi ya nkhope imawala, inayo imachita mdima wofatsa, ndipo pa tsaya la kumdimako pamatsala kachigamba kowala ka makona atatu pansi pa diso. Kaunikidwe kameneka kamatchedwa ndi dzina la Rembrandt, katswiri wopenta wa ku Amsterdam amene anamwalira m'chaka cha 1669. Yang'anani m'maso mwa wojambulidwa: ngati kadontho kowala sikakuoneka m'diso, ambulera yakwera kwambiri. Akatswiri ambiri saloza pakati pa ambulera pa nkhope, koma amaitembenuzira patsogolo pang'ono kuti munthu aunikidwe ndi m'mphepete mwa kuwala, mmene ndi mofatsa kwambiri. Mdima ukachuluka mbali inayo, musathamangire kugula nyali yachiwiri. Chikatoni chopaka penti woyera kapena nsalu yoyera yofunda, zikagwiridwa pafupi, zimabweza kuwala kokwanira.

Gulu la anthu lili ndi malamulo ake. Kuwala kumachepa msanga ndi mtunda: mtunda ukawirikiza kawiri, kuwala kumatsala gawo limodzi mwa magawo anayi. Pafupi kwambiri ndi ambulera yaikulu lamuloli silikhwima chotere, koma likadalipo ndithu. Taganizani ankhoswe awiri, wina ali pa mita imodzi kuchokera pa nyali, mnzake pa mamita awiri. Woyamba awala mopitirira, wachiwiri amira mumdima. Mukaibweza nyaliyo kuti woyamba akhale pa mamita anayi, mnzake pa asanu, wachiwiriyo alandira pafupifupi magawo awiri mwa atatu a kuwala kwa woyamba, kusiyana kumene diso silidandaula nako. Apa ndi pamene ambulera yaikulu kwambiri imabweza ndalama zake, chifukwa ndi yokhayo imene ingabwezedwe m'mbuyo mamita anayi n'kukhalabe yofewa. Pa gulu, iikeni pafupi ndi kamera ndi mokwera, kuti mthunzi wa mutu wa wina ugwere kumbuyo, osati pa nkhope ya mnzake. Chimodzimodzi ndi zithunzi za pa ziphaso, zimene zimafuna nkhope yowala mofanana mbali zonse: wojambula angathe kuima patsogolo penipeni pa ambulera yaikulu, kuwala n'kumamudutsa m'mbali.

Tsopano tifike pa nkhani imene mabuku ambiri ophunzitsa ntchitoyi amaidumpha, ndiyo ya khungu lathu. Kwa zaka zambiri, kuyambira m'ma 1950, osindikiza zithunzi ankalinganiza makina awo poyang'ana makadi a kampani ya Kodak otchedwa Shirley, amene ankaonetsa mkazi wachizungu, ndipo khadi loonetsa akazi a makungu osiyanasiyana linadzabwera m'ma 1990. Malangizo ambiri a kaunikidwe analembedwanso ndi khungu loyera m'maganizo. Motero kunafala chikhulupiriro choti munthu wakuda ndi wovuta kujambula, ndipo mankhwala ake n'kuonjezera mphamvu ya nyali. Zimenezi n'zolakwa, ndipo umboni wake uli m'zithunzi zambiri za maukwati: diresi la mkwatibwi lapsa, lasanduka chigamba choyera chopanda maluwa ake, nkhope zatuwa ngati zopaka phulusa, ndipo pa chipumi ndi pa mphuno pali timadontho toyera ngati ufa.

Khungu lililonse limabweza kuwala m'njira ziwiri. Kwina kumalowa pang'ono n'kutuluka kutatenga mtundu wa khungulo. Kwina kumangogunda pamwamba n'kubwerera monga pa kalilole. Pa khungu loyera njira yoyamba ndiyo yaikulu, choncho maumbidwe a nkhope amaoneka chifukwa cha mithunzi. Pa khungu lakuda njira yoyambayo ndi yochepa, ndipo chimene chimaumba nkhope ndi kunyezimira kuja kwa pa chipumi, pa masaya ndi pa mphuno. Kunyezimirako si china ayi koma chithunzi cha nyali yeniyeniyo. Nyali ikakhala yaing'ono, chithunzi chake pa khungu ndi kadontho kowala mopweteka. Ikakhala yotambalala, chithunzi chake chimayala pa tsaya lonse mofatsa, mtundu weniweni wa khungu n'kumaonekera pansi pake. Ndiye kuti wojambula wa kuno ali ndi chifukwa chachikulu chofunira ambulera yaikulu kuposa mnzake wa ku Ulaya, ndipo chimene ayenera kuonjezera ndi kutambalala kwa nyali ndi kuyandikira kwake, mphamvu ikhale pamene diresi loyera likuonekabe ulusi wake.

Wofuna kuziona yekha zimenezi atenge chiboliboli cha mtengo wa phingo chopukutidwa bwino, achiike pa tebulo, achijambule ndi nyali yopanda kanthu, kenaka ndi ambulera ili patali, potsiriza ili pafupi. Chiboliboli sichitopa ndipo sichilipiritsa. Pa munthu weniweni, mafuta odzola pang'ono amathandiza pansi pa ambulera yoyera, koma pansi pa yasiliva amawala mopitirira. Khalani ndi kansalu koyera koti mlendo wanu apukutire thukuta, pakuti ambiri amafika atayenda padzuwa. Ndipo pojambula anthu awiri osiyana khungu, woderapo akhale kumbali ya nyali.

Za kamera sindinena zambiri, poti tinazikamba kale. Yambirani pa ISO 100 ndi f/8, liwiro la chitseko likhale 1/125 kapena 1/160, pakuti makamera ambiri akapitirira 1/200 kapena 1/250 amasiya mzere wakuda m'mphepete mwa chithunzi. Kuwala kwa fulashi ndi kwa mtundu wa masana, cha pa 5,500 K, choncho zimitsani mababu a m'chipinda amene angasakanize mtundu wina. Ovala magalasi a m'maso amabweretsa vuto lawo, chifukwa ambulera yaikulu imaoneka yonse m'galasimo n'kubisa diso. Pajatu kuwala kumachoka pa galasi ndi kupendeka komwe kunafikira. Kwezani ambulera pang'ono, kapena muisunthire pambali, kapena mupemphe mwini magalasi kuti atsitse chibwano pang'ono, ndipo chithunzi cha ambulera chidzagwera pansi pa kamera.

Ambulera yaikulu ndi tanga ya bwato. M'nyumba momwe, fani kapena chitseko chotsekulidwa mwadzidzidzi chingathe kuigwetsa, ndipo ikagwa imagwa ndi nyali imene mtengo wake ndi woposa wake kangapo, mwinanso pa mutu wa mwana wa kasitomala. Choimikira chikhale cholimba, mwendo umodzi uloze kumene ambulera yaweramira, ndipo pa miyendopo pakhale thumba la mchenga la makilogalamu 5 kapena 10, limene telala aliyense angakusokereni ndi nsalu ya jini yakutha. Panja, makamaka kunyanja m'miyezi ya mwera, musaisiye popanda munthu woigwira. Nyali zakale zili ndi babu lounikira lotentha kwambiri, loti lingathe kuwaula nsalu yophimbira ija. Lizimitseni pamene simukulifuna. Nyali zatsopano za LED sizitentha chotere.

Pomanga ambulera pa nyali musalimbitse wononga mopitirira, chifukwa ndodo zambiri ndi zamphako ndipo zikaphwanyika ambulera siitsekekanso bwino. Nthiti za fibreglass zimapindika n'kubwerera, pamene zachitsulo zikapindika zapindika, ndiponso zimachita dzimbiri. M'nyengo yadzinja musaisunge yachinyezi m'thumba lake, kuopa nkhungu, ndipo m'chilimwe muziipinda pomaliza ntchito kuti isamwe fumbi, popeza nsalu yoyera ikayamba kufiira imapereka mtundu womwewo pa nkhope za anthu, mwini wake osazindikira chifukwa kusinthako kumabwera mwakachetechete. Kamodzi pa miyezi ingapo muiyerekeze ndi pepala loyera latsopano. M'gawo lotsatira tidzakamba za nsalu yopachika kumbuyo kwa wojambulidwa, ndi mtunda umene uyenera kukhala pakati pa iye ndi nsaluyo.